Paipi Yopita ku Chipinda cha Kuseri

Dzina lakuti Tepi anamupatsa ndi anzake a pantchito, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'chiuno mwake. Ngakhale pa ukwati wa mwana wake inali pomwepo, kunsi kwa jekete. Anali munthu wamfupi, wa manja aakulu, wosakonda kukhala pansi m'nyumba za anthu. Ntchito yake inali yoika mapaipi a gasi opita ku zitofu, ku magiza otenthetsa madzi, ndi ku mahita ofunditsa zipinda nyengo yachisanu. Ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ya pakona, momwe iye ankagula katundu. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, mapaipi ake ndinkadula ndine, mazinga ndinkaika ndine.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa mkulu wake, munthu wamtali wokonda kuseka, amene ankayeza ndi maso. Tepi sankayeza ndi maso. Akafika panyumba, ankayamba walemba zonse zodya gasi, chilichonse ndi kadyedwe kake, nkuziphatikiza. Kenako ankakoka tepi kuchokera pa thanki ya gasi mpaka pa chinthu chakutali kwambiri, nkuwerenga mabendi onse a m'njira, malo amene paipi ikhote, chifukwa bendi iliyonse imafooketsa gasi monga mmene chitunda chimafooketsera munthu wosenza katundu. Akatero ankatulutsa kabuku kakuda ndi mafuta, nkuona kuti pafunika paipi yotakata bwanji. Pafupi ndi thanki ankaika yaikulu, yonyamula gasi wa nyumba yonse. Nthambi zokha ndizo zinkawonda.

Eni nyumba ambiri ankafuna yowonda ponseponse, poti ndiyo yotchipa. Mwini nyumba ina yogona alendo anakangana naye pa kauntala yanga.

"Paipi ndi paipi, amisiri. Bola gasi adutse."

"Bwana, tengani kaudzu mumwere ndowa ya madzi. Adutsa ndithu. Koma ludzu lanu litha mawa."

"Ena aja anati theka la inchi likwanira."

"Aitaneni ena ajawo. Alendo anu a chipinda chakumapeto akadzauma ngati nsomba ya m'firiji, mudzawaitanenso omwewo adzanyamule."

Bwanayo anagula ya inchi yathunthu.

Akamaliza ntchito sankayesa chinthu chimodzichimodzi, monga achitira amisiri aulesi. Ankayatsa zonse nthawi imodzi, chitofu, giza, mahita onse, nkupita kukanjuta pa chakumapeto kuyang'ana moto. Ukakhala wabuluu, woima chilili, ankalongedza zida. Ukagwada, ankamasula zonse nkuyambiranso, osadandaula. Anthu ankati mawu a Tepi pa nkhani ya gasi satsutsika, ndipo sankanama.

Mkulu wake anamwalira Tepi ali ndi zaka makumi asanu. Nyumba imene malemuwo ankakhala inali ya bambo awo, ya onse awiri. Ana a malemu anali atakula nkubalalika. Abale anakhala pansi, amalume awo ndiwo anadula nkhani: Tepi ndi banja lake alowe m'nyumba yaikulu, alamu ake, amasiyewo, akhale m'chipinda cha kuseri kwa bwalo.

"Chipindacho ndi chawo," anatero amalume. "Palibe wowatulutsa. Adzachoka tsiku limene adzanene ndi pakamwa pawo kuti ndatopa. Koma muja mumazizira, iwe Tepi. Uwaikire hita."

"Ndiika ndi manja angawa, amalume."

Chimene alamuwo anamulakwira sindichidziwa. Ena amati Tepi ali wophunzira ntchito ankagona m'chipinda chomwecho, ndipo mayiwo ankamupatsa bulangete limodzi. Ena amati panalibe cholakwa, iye ankangofuna chipindacho. Ine ndinkawadziwa ngati mayi wowonda, wa mawu otsika, amene ankabweretsera amuna awo tiyi m'fulasiki kusitolo kwathu nkudikira fulasikiyo ataima pakhomo.

Lolemba m'mawa Tepi anabwera ndi kapepala. Mamita makumi awiri ndi anayi a paipi yowonda kuposa zonse, ija yonga chala chaching'ono. Mabendi khumi ndi atatu. Hita imodzi yatsopano, yabwino kwambiri pa zimene tinali nazo.

Nyumbayo ndinkaidziwa. Thanki ya gasi inali kumbuyo, mamita asanu ndi awiri kuchokera pa khoma la chipinda cha kuseri.

"Si pafupi ndi thanki paja?" ndinafunsa.

"Madala, mumagulitsa mapaipi kapena mumayeza nyumba za eni?"

"Ndangofunsa."

"Mwafunsa. Dulani."

Ndinadula.

Nthambi yopita kuseriyo Tepi sanaitenge pa thanki. Anaitenga kumapeto kwenikweni kwa paipi ya nyumba yaikulu, gasi atadutsa kale pa chitofu, pa giza, pa hita ya pabalaza ndi ya kuchipinda kwake. Kuchokera pamenepo inatuluka pa khoma la kukhitchini, nkukwera pamwamba pa chitseko, nkutsika, nkuzungulira bafa, nkutsata mpanda wonse wa bwalo mpaka kuseri. Anaimanga ndi timakilipu totalikirana mofanana, nkuipenta chikasu. Inali ntchito yokongola. Anansi ankasuzumira pa mpanda.

"Taonani chikondi. Alamu ena akanangowaponyera bulangete."

Hitayo anaiyatsa masana, anthu akuona. Moto unaima wabuluu, chipinda chinafunda. Mayiwo anawomba m'manja, nkumuphikira tiyi.

Chisanu chinabwera patapita masabata atatu. Chipinda cha kuseri chinali cha simenti yopanda kapeti, khoma lake lalitali silinkaona dzuwa, ndipo m'makona munkachita nkhungu. Dzuwa likapendeka, mayiwo ankayatsa hita yawo. Nthawi yomweyo m'nyumba yaikulu chitofu chinkayaka, ana akusamba madzi otentha, mahita awiri akulilima. Gasi wofika kuseri ankakhala wotsalira, ndipo wotsalirayo ankayenera kudzipanikiza m'kapaipi kowonda, mabendi khumi ndi atatu. Moto unkafupika, nkugwada, nkumveka kuti thi. Mahita amenewa ali ndi kachitsulo kotseka gasi moto ukafooka, kuti munthu asafe ndi mpweya. Kachitsuloko kankagwira ntchito yake bwino. Mayiwo ankadina batani, moto nkuyaka pang'ono, akachotsa chala nkuzima. M'mawa zinalinso chimodzimodzi. Hita inkayaka bwino masana okha, nthawi imene munthu angathe kuothera dzuwa panja.

Mayiwo anamuuza Tepi. Iye anapita masana, nkudina kamodzi.

"Si iyi ikuyaka?"

"Panopa ikuyaka, alamu. Madzulo ndiye imakana."

"Imakana? Ili ndi pakamwa? Alamu, batani ili limafuna chala, osati pemphero. Tadinani ndione."

Anadina. Inayaka.

"Mwaona? Mukayesa ine ndilipo zimatheka. Kapena mukufuna ndizigona konkuno ndizikudinirani?"

Mkazi wa Tepi anali pakhomo ndi beseni la zovala, ndipo anaseka. Nkhaniyo inafalikira mumsewu. Munthu akalephera kuyatsa machesi, anzake ankati wadwala matenda a kuseri.

Tsiku lina mayiwo analowa m'sitolo atavala chijasi cha malemu amuna awo, manja ake atapinda kawiri. Anadikira mpaka ogula onse atatuluka.

"Achikulire, inu mwagulitsa zinthuzi zaka zambiri. Kodi hita imatha kudana ndi munthu?"

"Ayi, mayi."

"Nanga yanga ija?"

"Afunseni alamu anu. Ndiwo amisiri."

Anayang'ana mahita a pa shelefu kwa kanthawi, nkuthokoza, nkutuluka.

Woyamba kuzindikira m'nyumbamo anali mkazi wa Tepi. Izi anandiuza yekha patapita zaka. Madzulo ena ana anali kwa azakhali awo, iye sanaphike, ndipo pokatenga zovala pa chingwe anaona kuwala kwa hita pa zenera la kuseri. Anabwerera m'nyumba, nkuyatsa chitofu ndi mahita, nkutsegula mpopi wa madzi otentha, nkusuzumira pa zenera la kukhitchini. Kuwala kuja kunazima iye akuona. 

Sananene kanthu kwa mwamuna wake. Anangoyamba kuphika dzuwa likadali pamwamba, kusambitsa ana masana, ndipo hita ya pabalaza anasiya kuiyatsa, ati imamupweteketsa mutu. Masiku atatu mayi a kuseri anagona mofunda. Tsiku lachinayi Tepi anabwera msanga. Anaima pabalaza, nkugwira hita ndi kuseri kwa dzanja. Anapita kukhitchini, nkugwira mapoto. Anali atazizira kale.

Anayatsa hita ya pabalaza. Anayatsa ya kuchipinda. Anatsegula madzi otentha m'bafa nkuwasiya akuthira. Anateleka ketulo, nkukokera mpando pa zenera loyang'ana kubwalo.

"Mutu ukakupweteka umwe mankhwala," anauza mkazi wake. "Nyumba yanga isazizire chifukwa cha mutu wako."

"Bambo a ana, asisi aja akutsokomola."

"Ali ndi hita. Ndinagula yodula."

Kuyambira tsikulo ankafika panyumba dzuwa lisanalowe, tsiku ndi tsiku. Anasiya kucheza ndi anzake pakona. Akazi a mumsewu ankauza amuna awo kuti atengere chitsanzo kwa Tepi, munthu wokonda banja.

Mayiwo anatumiza mawu kwa amalume. Amalume anabwera Lamlungu masana ndi abale ena anayi, ndipo anaitanitsa ine kuti pakhale munthu wapadera wodziwa mapaipi. Tinadzazana m'chipinda cha kuseri. Munali bedi, kabati, mpando umodzi umene anakhalapo amalume, ndi chithunzi cha malemu pa khoma. Pa bedi panali mabulangete atatu ndi makatani akale awiri opindidwa pamwamba pake. Munkanunkha chinyontho.

"Nenani, mayi," anatero amalume.

"Sindikudandaula za chakudya, amalume, kapena za ulemu. Koma motowu umazima. Ndakhala ndikuonetsetsa. Umazima akamaphika kunyumba yaikulu."

"Ndiye tisiye kudya?" anatero Tepi. Abale awiri anaseka.

"Khala chete iwe," anatero amalume. "Tiyese. Yatsa hitayo, ndipo kukhitchini ayatse chitofu."

Tepi anayatsa hita, nkutulutsa mutu pakhomo.

"Mayi a ana! Yatsa chitofu. Mbali zonse zinayi, ndi uvuni womwe. Amalume aone bwino."

Tinadikira. Moto unatsika pang'ono, pang'ono kwambiri moti oona tinali Tepi ndi ine. Sunazime. Chitofu chokha sichikanauzimitsa, ndipo iye ankadziwa, poti anali atawerengera. Kunja kunali dzuwa, mahita a m'nyumba yaikulu anali ozima, palibe amene ankasamba. Kudzera pakhomo ndinkamuona mkazi wa Tepi ataima pa zenera la kukhitchini. Mpopi wa madzi otentha unali pafupi ndi dzanja lake. Anapukuta manja pa nsalu, nkuyang'ana pansi.

"Yatsani zonse" ndi mawu awiri. Tepi yemweyo ankawanena m'nyumba iliyonse imene anagwiramo ntchito. M'chipindamo sanawanene.

Amalume anatembenukira kwa ine.

"Achikulire, paipiyi ikutulutsa mpweya penapake?"

"Ayi."

"Yamangidwa bwino?"

"Yamangidwa mwaukhondo."

"Nanga hitayi ili ndi vuto?"

"Hita ndi yabwino."

Anafunsa zitatuzo. Ndinayankha zitatuzo.

Amalume anapukusa mutu, nkuyang'ana mayiwo nthawi yaitali.

"Mayi, imfa ya mwamuna imasokoneza mutu, tikudziwa. Koma mwana uyu wakuchitirani zimene ana anu obereka sanachite. Mwandiyendetsa ulendo wonsewu kudzaona moto ukuyaka. Mwamuchititsa manyazi pa ntchito imene amadyera. Mupepeseni."

Mayiwo anayang'ana hita. Anayang'ana ine. Kenako anagwira m'mphepete mwa bedi nkugwada pa simenti, bondo limodzi, kenako linalo.

"Pepani alamu. Ndinalakwa."

"Dzukani, alamu," anatero Tepi. "Pansipo pakuzizira."

Sabata yotsatira mayiwo anagula mbaula ndi kathumba ka makala. Anaothera madzulo amodzi okha. M'mawa mwake Tepi anaitulutsa, nkuiika pakati pa bwalo, nkuitana anansi.

"Taonani. Makala m'chipinda chotseka, pafupi ndi paipi ya gasi. Akufuna kudzipha, atiphere limodzi ndi ana. Mawa mudzati Tepi wapha mlamu wake."

Ankanena zoona. Makala m'chipinda chotseka amapha. Anansi anavomereza, mayi wina nkuwadzudzula mayiwo kuti munthu wamkulu sachita zachibwana. Mbaula ija Tepi anaitsekera m'galimoto yake ya ntchito.

Chifuwa cha mayi a kuseri chinakula. Ndinkawaona m'mawa atakhala pa njerwa kunja kwa geti, pamene dzuwa limayambira kufika, chijasi chija atachikokera mpaka m'makutu. Dzuwa likasuntha, ankasuntha ndi njerwa yawo. Kenako masiku angapo sindinawaone. Ndinamva kuti agonekedwa kuchipatala, chibayo. Tepi ndiye anawatengera kumeneko pa galimoto yake, ndipo ankapita kukawaona tsiku lililonse ndi zipatso.

Atatuluka m'chipatala, kunabwera mwana wawo wamkazi, amene amakhala kutsidya lina la tauni m'zipinda ziwiri ndi mwamuna ndi ana atatu. Analowa m'chipinda cha kuseri, nkugwira khoma, nkugwira bedi.

"Amayi, tiyeni."

"Bambo ako anamanga khoma ili ndi manja awo."

"Khomalo likupheni? Tiyeni."

Tepi anaima pakhomo.

"Ine sindikutulutsa munthu. Amalume ananena. Alamu, mukachoka chonchi anthu adzati ndakuthamangitsani. Dikirani."

Anaimbira amalume foni, nkuikweza mawu, nkuigwira pafupi ndi pakamwa pa mayiwo.

"Nenani nokha, amve."

"Ndatopa, amalume."

"Akuti sanamve," anatero Tepi. "Kwezani mawu."

"Ndatopa."

Katundu anakwana pa galimoto imodzi. Atamanga zingwe, Tepi anabwerera m'chipinda ndi sipanala, nkumasula hita, nkuipukuta, nkuiika pamwamba pa matiresi.

"Tengani iyi. Ndinagulira inu. Mwina kumeneko chala chidzakula mphamvu."

Chipindacho anachisandutsa ofesi. Anaikamo tebulo, shelefu ya zida ndi mpando wozungulira. Paipi yachikasu anaimasula yonse m'mawa umodzi, nkukoka ina ya theka la inchi molunjika kuchokera pa thanki. Mpaka lero amakhala m'menemo nyengo yachisanu atavula jekete. Sakweranso makwerero, maondo anatha. Amisiri achinyamata amamubweretsera mapepala awo kuti awaonere ngati ayeza bwino, ndipo amawakalipira akaiwala kuwerenga mabendi. Pa nyumba zonse zimene anaika gasi, sindinamvepo imodzi imene inapsa.

Mayiwo ndinawaonanso kamodzi, chisanu cha chaka chotsatira. Anali akuchokera kuchipatala kukatenga mankhwala a chifuwa, chimene sichinathe. Analowa m'sitolo akupuma movutikira, nkukhala pa chitini cha penti osapempha. Ankafuna paipi ya labala, mita imodzi ndi theka, yolumikizira hita ku silinda yaing'ono ya gasi. Yakale inali itang'ambika.

Ndinakoka labala pa mkombero wake nkuyamba kuyeza.

"Kwa mwana wanga kuja imayaka," anatero. "M'mawa imayaka. Madzulo imayaka. Ndimagona pabalaza ndi adzukulu, iyo ili pakona, sinazimepo ndi tsiku limodzi."

"Ndi hita yabwino."

"Munanena kale zimenezo."

Ndinadula labala. Ndinafunafuna timakilipu tiwiri m'kabokosi.

"Mkamwini wanga anafunsa mnzake wa ntchito yomweyi. Anamujambulira papepala mmene paipi ija inkayendera. Akuti mnzakeyo anaseka mpaka kukhala pansi." Anatsokomola, nkudikira kuti mpweya ubwerere. "Achikulire, ndifunseko chimodzi. Tsiku lija, amalume akanafunsa funso loyenera, mukanayankha?"

"Ndikanayankha."

"Ehe." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye olakwa ndi amalume."

Ndinakulunga labala m'pepala. Anailandira ndi manja awiri, nkuiika m'chikwama pamodzi ndi mankhwala. Kuti adzuke pa chitini paja anafunika kugwira kauntala. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize, koma iwo anali ataima kale.